Digiri ya Zimbudzi

Tsiku limene mlongo wanga wamng'ono anabwera kumudzi atamaliza chaka chake choyamba ku yunivesite, agogo anali atayala kale mphasa pakhonde. Asanamufunse n'komwe za ulendo, anakweza chitenje n'kumuonetsa bondo lawo lotupa. "Taona iwe, lakhala likundiwawa chiyambire dzinja. Ndiye amati n'chiyani kusukulu kwanuko?" Mwanayo anaseka mwamanyazi n'kunena kuti iye saphunzira zopima odwala. Agogo anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anatembenukira kwa ine, poti ndine ndinkathandiza kulipira fizi: "Si munati ali ku sukulu ya madokotala?"

Analidi ku sukulu ya madokotala. Ankadya m'kafiteriya imodzi ndi amene adzang'ambe anthu pamimba, ankabwereka mabuku mulaibulale imodzi, ndipo maphunziro ena a chaka choyamba ankakhala nawo m'chipinda chimodzi. Koma digiri yake inali ya public health. Anzake ovala makoti oyera ankamuseka kuti akuwerengera digiri ya zimbudzi, ndipo iye, poti sachedwa kupsa mtima, ankawayankha kuti chimbudzi chimodzi chokumbidwa bwino chimachotsa anthu ambiri pamzere wa kuchipatala kuposa dokotala mmodzi. Zaka zinayi zatha, wavala chipewa chija, koma funso la agogo silinayankhidwe. Ine ntchito yanga ndi kumasulira, choncho ndinaganiza kuti vuto ndi mawu chabe. Nditayesa kuwamasulira ndinapeza kuti vutolo ndi lakale kuposa mawuwo.

Public health alibe dzina lokhazikika m'Chichewa. Pawailesi amati "zaumoyo", koma dokotala wa opaleshoni nayenso ndi wa zaumoyo. Ena amati "umoyo wa anthu", ngati kuti pali umoyo wina wa mbuzi umene tikuusiyanitsa nawo. "Ukhondo" ndi mawu abwino koma aang'ono: mumalowa sopo ndi tsache, simulowa chiwerengero cha amayi omwalira pobereka. Mawu amene ndimaona kuti akuyandikira ndi "mliri", chifukwa mliri sugwira munthu, umagwa m'mudzi. Munthu wa public health wodwala wake ndi mudzi, boma, dziko. Makolo athu zimenezi ankazidziwa mwa njira yawo. Wodwala nthomba ankamumangira msasa kunja kwa mudzi. Malamulo a mdulo ndi tsempho, kaya mumawakhulupirira kaya ayi, maziko ake ndi akuti zimene mmodzi wachita m'nyumba mwake zikhoza kudwalitsa wina amene sanalakwe. Ganizo lakuti thanzi ndi la tonse silinabwere pa sitima. Chimene chinabwera pa sitima ndi makwerero a ulemu: wochiritsa pamwamba, woteteza pansi.

Ku Ulaya komweko nkhaniyi inayambira pa zonyansa. Wophunzira aliyense wa maphunzirowa amauzidwa za John Snow, amene mu 1854 analemba pamapu nyumba za anthu omwalira ndi kolera ku Soho, mu London, n'kuona kuti zaunjikana mozungulira mpope wa madzi wa pa Broad Street. Chogwirira cha mpopewo chinachotsedwa. Koma sukulu zimene zinaumba mankhwala a kuno kwathu ndi zina: ya ku Liverpool ya 1898 ndi ya ku London ya 1899, zonse za matenda a m'maiko otentha. Zinakhazikitsidwa chifukwa azungu otumizidwa kukalamulira ndi kukachita malonda ankafa ndi malungo asanabweze ndalama za ulendo. A mishoni ya Livingstonia anasamuka kawiri, kuchoka ku Cape Maclear kumene anafika mu 1875 kupita ku Bandawe mu 1881, kenako kukwera phiri la Khondowe mu 1894, ndipo manda amene ankasiya m'mbuyo ndiwo akufotokoza chifukwa chake. Zomba anaikonda chifukwa cha mphepo ya kuphiri. Kuteteza matenda m'Nyasaland kunayamba ngati kuteteza mzungu kwa udzudzu, ndipo nthawi zambiri kwa ife, amene ankatiyesa nkhokwe ya matendawo.

Mwafrika analowa m'chipatala cha mishoni ngati wothandizira: wotsuka zilonda, wosakaniza mankhwala, womasulira. (Ndimanyadira pang'ono kuti ntchito yanga ili m'gulu la ntchito zoyambirira za chipatala m'dziko muno, ngakhale kuti omasulirawo mayina awo ambiri sanalembedwe.) Ku mishoni ya Blantyre, Dr Neil Macvicar, amene anafika mu 1896, anayamba kuphunzitsa anyamata mwadongosolo, ndi mayeso olemba. Wodziwika kwambiri mwa iwo ndi John Gray Kufa, amene anakhoza bwino kwambiri moti anapatsidwa dispensale yoti aziyendetsa yekha. Pamwamba pa pamenepo panalibe poti akwere. Mu 1915 Kufa anali mmodzi wa atsogoleri a kuukira kwa John Chilembwe, ndipo boma linamupha. Sindikunena kuti anaukira chifukwa chomanidwa udokotala. Anali ndi munda, anali mkulu wa mpingo, ndipo zodandaula zinali zambiri. Koma ndikamawerenga za iye ndimaona munthu amene anaphunzitsidwa mpaka pa khomo n'kuuzidwa kuti aime pomwepo.

Macvicar uja anapita ku Lovedale, ku South Africa, kumene chipatala chake cha Victoria chinaphunzitsa Cecilia Makiwane, mayi woyamba wachikuda kulembedwa m'kaundula wa anamwino m'dzikomo, mu 1908. Kumeneko Macvicar anathera mphamvu zambiri pa chifuwa chachikulu, kadyedwe ndi maphunziro a ukhondo. Njira za anthu amenewa zinkadutsana m'chigawo chathu chonse, monga mmene zinkadutsirana njira za amuna opita ku migodi ya ku Joni ndi ku Wankie, amene ankabwerako ndi njinga, jekete ndi chifuwa.

Amene anafuna udokotala weniweni anayenera kuwoloka nyanja. Daniel Sharpe Malekebu wa ku Chiradzulu anamaliza ku Meharry Medical College, ku Nashville, mu 1917, ndipo anabwerera kwawo mu 1926 kudzatsegulanso mishoni ya Chilembwe ija. Hastings Kamuzu Banda anamaliza ku Meharry komweko mu 1937, n'kukawonjezera mapepala ku Edinburgh mu 1941. Olemba mbiri yake amanena kuti atafuna kudzagwira ntchito kwawo, anamwino achizungu a ku mishoni anakana kukhala pansi pa dokotala wakuda, ndipo iye anakhala ku Britain. Taonani chimene mawu akuti "dokotala" anasanduka m'makutu a anthu ngati agogo anga: chinthu chosowa, chochokera kutali, chimene ngakhale mzungu anachita nacho mantha. Dziko litalandira ufulu mu 1964, mutu wake unali dokotala. Mwana aliyense wanzeru m'kalasi ankauzidwa kuti adzakhala dokotala.

Nanga woteteza matenda anali ndani m'maso mwa anthu omwewo? Anali mthenga wa boma. Katemera wa nthomba ankabwera ndi lamulo, ndipo anthu ambiri ankathawira kutchire kapena kubisa ana. Mafumu atapatsidwa mphamvu zoweruza m'zaka za m'ma 1930, kusowa chimbudzi kunasanduka mlandu wolipitsa. Sukulu ya Jeanes ku Domasi, imene inatsegulidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920, inkaphunzitsa aphunzitsi, mafumu ndi akazi awo za mudzi wachitsanzo: nyumba za mawindo, dzenje la zinyalala, chitsime chotetezedwa. Zambiri mwa izo zinali zabwino. Koma zinkafika pamodzi ndi msonkho ndi thangata, ndipo pambuyo pake ndi malimidwe okakamiza, kuchokera m'kamwa mwa anthu omwewo. Kafukufuku wa kadyedwe amene B. S. Platt anatsogolera mu 1938 ndi 1939 anayeza zimene anthu ankadya m'midzi mosamala kwambiri. Patangotha zaka khumi, njala ya 1949 inapha anthu m'chigawo cha kumwera. Kudziwa kunalipo. Anthu anaphunzira kuti wobwera ndi jakisoni wochiritsa chindoko ndi bwenzi, wobwera ndi kope kudzasuzumira kuseri kwa nyumba ndi kapitawo.

Pali malo amodzi m'chigawo chathu amene anayesa kusintha makwerero amenewa, ndipo mlongo wanga anawaphunzira m'chaka chachiwiri ngati nkhani ya dziko lonse lapansi, osadziwa poyamba kuti ndi apafupi. Mu 1940 Sidney ndi Emily Kark anatsegula chipatala chaching'ono ku Pholela, m'munsi mwa mapiri a Drakensberg ku Natal. Anaphunzitsa anthu a m'deralo kuyenda khomo ndi khomo, kulemba aliyense wobadwa, womwalira ndi wodwala, kuyambitsa madimba a ndiwo zamasamba, ndi kubweretsa zonsezo ku msonkhano kumene dokotala, namwino ndi woyenda m'midzi ankakhala pa tebulo limodzi. Imfa za makanda zinatsika moonekeratu. Komiti ya Gluckman, imene inapereka lipoti lake mu 1944, inafuna kuti dziko lonse la South Africa likhale ndi zipatala zotere. Kenako chipani cha National chinalowa m'boma mu 1948, ndalama zinayamba kuuma, ndipo pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 a Kark anali atachoka m'dzikomo. Ganizo lawo linazungulira dziko lapansi n'kudzatipezanso kudzera ku msonkhano wa ku Alma-Ata wa 1978, litavala suti ya bungwe la WHO, ife n'kulilandira ngati lachilendo.

Boma la tsankho lomwelo, limene linafooketsa Pholela, ndilo linamanga Medunsa ku Ga-Rankuwa mu 1976, yunivesite yoyima payokha ya maphunziro a chipatala, yomangidwira anthu akuda kuti asadzaze sukulu za azungu. Inasula madokotala akuda ochuluka zedi, inaphatikizidwa ndi University of the North mu 2005, n'kudzaimanso payokha mu 2015 ndi dzina la Sefako Makgatho. Yunivesite ya zaumoyo zokhazokha, imene lero tikuiona ngati chizindikiro cha chitukuko, kumwera kuno inabadwa m'njira yotere.

Kwathu nkhani inachedwa mochititsa manyazi. Nthawi ya chitaganya, sukulu ya udokotala inamangidwa ku Salisbury mu 1963. Zambia inatsegula yake mu 1966. Malawi, wolamulidwa ndi dokotala, anakhala ndi yunivesite kuyambira 1965, Kamuzu College of Nursing kuyambira 1979, ngakhalenso Kamuzu Academy ya Chilatini ndi Chigiriki kuyambira 1981, koma sukulu ya udokotala inadikira mpaka 1991. Ophunzira ankatumizidwa kunja ndipo ambiri sankabwerera, mpaka panabuka nthabwala yakuti madokotala a ku Malawi ndi ochuluka ku Manchester kuposa ku Malawi. Amene anawerengadi amati sizinali choncho, koma nthabwala simafuna kaundula kuti iluma. M'zaka zonsezo zipatala zinkayenda ndi ma medical assistant ndi ma clinical officer, zidzukulu za Kufa pa ntchito, ndipo kumidzi kunali anthu ngati amalume anga.

Amalume analembedwa ntchito kolera atalowa m'dziko muno mu 1973. Anali atalekezera sukulu ku fomu 2. Boma linali kale ndi gulu la anthu otemera nthomba olembedwa mongoyembekezera, ndipo mliri watsopanowu unafuna gulu lina: anyamata oti azithira mankhwala m'zitsime, kulondola kumene wodwala wachokera, ndi kuletsa anthu kusambitsa maliro kapena kuphika pa maliro a kolera. Chomalizachi ndicho amalume amati chinali chovuta koposa. "Iwe, ukauze munthu wamkulu kuti mayi ake aikidwa osasambitsidwa, iweyo uli mnyamata wosakwatira," amatero. Anathamangitsidwapo ndi mpini. Mliri utatha gululo silinathetsedwe. Linapatsidwa ntchito ya katemera wa chikuku, sikelo ya ana, kuyendera mijigo, ndipo m'kupita kwa nthawi linatchedwa Health Surveillance Assistants, amene kumudzi timangoti alangizi a zaumoyo. Maphunziro awo anali a masabata owerengeka. Kuyambira cha m'ma 2008 anayamba kupatsidwa bokosi la mankhwala kuti azichiza malungo, chibayo ndi kutsekula m'mimba kwa ana m'midzi yakutali, ndipo amalume amaseka kuti anthu anayamba kuwatcha adokotala chaka chomwe anagwira bokosilo, atatha zaka makumi atatu akuwateteza popanda dzina.

Kafukufuku wa dziko lonse wa 1992 anapeza kuti mwa ana 1,000 obadwa amoyo, 234 ankamwalira asanakwanitse zaka zisanu. Wa 2015 mpaka 2016 anapeza 63. Pa zinthu zonse zimene dziko lathu lachita chilandirire ufulu, sindidziwa china chachikulu kuposa chimenechi, ndipo mbali yaikulu inachitikira pansi pa mitengo ya mango, ndi sikelo yopachika pa nthambi, katemera wonyamulidwa pa njinga, masikito ndi thanzi wosungunula m'madzi. Palibe amene anavala gauni chifukwa cha zimenezo.

Kunena zoona, amene anayambitsa College of Medicine ankazidziwa izi. Dr John Chiphangwi ndi anzake, pamodzi ndi mkulu woyamba wa sukuluyo Geoffrey Dahlenburg wa ku Australia, anaika umoyo wa m'midzi pakati penipeni pa maphunziro. Ophunzira udokotala ankatumizidwa ku Mangochi, ndipo ankagonera m'nyumba za anthu kumudzi kuti aone kumene odwala a ku Gulupu amachokera. Koma kwa nthawi yaitali, pano ndi kwina konse, public health anali maphunziro owonjezera: uyambe wakhala dokotala kapena namwino, kenako ukatenge masters. Ngakhale sukulu yotchuka ya Johns Hopkins, ya 1916, inamangidwa makamaka ndi ganizo la akatswiri ophunzira kale. Kuti mwana wochokera ku fomu 4 alowe mwachindunji n'kutuluka ndi digiri yoyamba ya ntchitoyi ndi chinthu cha posachedwa, chimene chakula pamodzi ndi mayunivesite a zaumoyo oyima paokha: Muhimbili ku Dar es Salaam mu 2007, Levy Mwanawasa ku Lusaka, ndi Kamuzu University of Health Sciences, imene inapangidwa pophatikiza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing n'kuyamba ntchito mu 2021. Chinakulitsanso msika wake ndi Edzi. Kuyambira pamene wodwala woyamba anapezeka mu 1985, makamaka ma ARV aulere atayamba mu 2004, mabungwe anafuna anthu odziwa kuwerenga, kulondola ndi kulemba malipoti. Njira ya Option B+, yopatsa mayi aliyense woyembekezera amene ali ndi kachilombo mankhwala a moyo wonse popanda kudikira zoyeza za CD4, inayambira ku Malawi mu 2011, ndipo inali nzeru ya anthu oganiza za mzere wonse wa odwala, osati wodwala mmodzi.

Zimene mlongo wanga anaphunzira ndinaziona ndi maso, chifukwa ankanditumizira mafunso a kafukufuku wake kuti ndimuthandize Chichewa. Anaphunzira epidemiology, masamu a ziwerengero, za madzi ndi zimbudzi, kadyedwe, kayendetsedwe ka zipatala ndi chuma chake. Tinakanganapo usiku wonse pa mawu akuti risk. Iye analemba "mwayi wotenga matenda", monga ambiri amalembera, ine n'kumufunsa kuti ndi mwayi wanji umenewo. Tinagwirizana pa "chiopsezo", ngakhale nalonso limaopseza kuposa mmene nambala ikunenera. Apa ndi pamene ndimadandaula ndi maphunzirowa. Ntchito yake yonse imathera pa kulankhula ndi anthu, pabwalo la mfumu, pa sikelo, pa maliro, koma zaka zinayi zonse zimaphunzitsidwa ndi kuyesedwa m'Chingerezi. Dokotala wa opaleshoni akhoza kukhala wosadziwa kulankhula, wodwala ali mtulo. Wa public health akalephera kumasulira, ntchito yagwa.

Anayesedwa asanamalize. Kolera amene anayamba ku Machinga mu Marichi 2022 anafalikira m'maboma onse, anadwalitsa anthu oposa 50,000 ndi kupha oposa 1,700, mliri wa kolera woopsa kuposa wina uliwonse m'mbiri yathu. Mwezi wa Febuluwale chaka chomwecho kunali kutalengezedwa poliyo ku Lilongwe, ndipo mu Marichi 2023 namondwe Freddy anakokolola midzi, mijigo ndi zimbudzi kwathu ku Phalombe. Iye anali pa maphunziro a kumudzi m'boma lina la m'mbali mwa nyanja. Ntchito yake inali kulemba mndandanda wa odwala, mudzi ndi mudzi, ndi kuyeza klorini m'zidebe. Anandiimbira foni tsiku lina akulira, osati chifukwa cha imfa, koma chifukwa mayi wina anamutaira madzi othira mankhwala pamapazi n'kumuuza kuti a zaumoyo ndi amene akubweretsa matendawa kuti alandire ndalama. Ndinamuuza kuti aimbire amalume.

Pano digiri ili m'chikwama, ndipo ntchito palibe. Malo a m'boma a anthu a digiri yotere ndi ochepa, ndipo ena amalimbirana ndi a environmental health ndi anamwino amene ali kale m'kaundula. Mabungwe amene ankalemba anthu ambiri anagwedezeka boma la America litaimitsa thandizo lake kumayambiriro kwa 2025. Dokotala akasowa ntchito m'boma akhoza kutsegula kachipatala kake pa tauni. Palibe amene amalipira kuchokera m'thumba mwake kuti mliri umene sunabwere usabwere. Mlongo wanga akuganiza zokayamba masters, ndipo tsiku lina anandifunsa motsitsa mawu, "Achimwene, kodi ndikanangodikira chaka china n'kuyesanso udokotala?" Sindinamuyankhe bwino. Ndinali nditalipira fizi, ndipo ndinkaopa kuti chilichonse chimene ndinganene chimveka ngati ndikuteteza ndalama zanga.

Pa phwando la digiri, kumudzi, amalume anabwera ndi jumbo ya pulasitiki. Munali makope akale a chikuto cholimba, ena odyedwa ndi chiswe m'mphepete: kaundula wa midzi imene ankayendera, nyumba ndi nyumba, ndi mizere yojambula ndi rula ya ana obadwa, otemeredwa, omwalira, nyumba za chimbudzi ndi zopanda. Pa tsamba lina panali mapu ojambula ndi bolopeni, mtsinje, zitsime zitatu, ndi timitanda pa nyumba zimene munalowa kolera. Sanamvepo za John Snow. Mlongo wanga anakhala pansi pa mphasa, gauni ili pamapewa, n'kuyamba kuwerenga timitandato ndi chala.

"Amalume, chitsime ichi chapakatichi munachitseka?"

"Mfumu inakana. Chinali cha apongozi ake."

"Ndiye munatani?"

"Ndinakagona kwa apongoziwo masiku atatu."

Agogo, amene ankamvetsera ali chapatali, anafunsa ngati mwa awiriwo alipo amene aone bondo lija.